Chaka Chimene Ketill Anabwera Kudzaona Phiri

Bremerhaven, Jeremani
2 Juni

Okondedwa achemwali Steinvör,

Choyamba ndifunse za moyo wanu ndi wa Bambo kwathu ku Ystakot. Ine kuno ndili bwino, kungoti ndanenepako. Mlamu wanu Hannelore akuti n'zoyenera kwa munthu wogulitsa makapeti, chifukwa kasitomala sakhulupirira munthu wowonda. Mukhululuke kuti kalata yanu ya mu Epulo sindinayankhe. Ndinaisunga pamalo abwino kuti ndidzaiwerenge mofatsa, ndipo malowo ndi abwino kwambiri moti mpaka lero sindinawapeze.

Nkhani yosangalatsa ndi iyi: ndikubwera! Patha zaka khumi ndi chimodzi chitsikireni m'sitima ya nsomba ija n'kuiwala kukweranso, ndipo mtima wanga ukulira Iceland. Ndasankha Seputembala dala, chifukwa ndikufuna kudzakhala nawo potsitsa nkhosa kuphiri. Kulira kwa nkhosa kuja ndimakumvabe m'makutu ngakhale ndili pakati pa makapeti. Muwauze Bambo kuti chaka chino mwana wawo adzakhalapo.

Sindibwera ndekha. Ndibwera ndi Hannelore pamodzi ndi apongozi anga, a Dokotala Brinkmann, amene anapuma pantchito yozula mano, ndi mayi Brinkmann. Awa ndi anthu oyenda, achemwali. Chaka chatha anakwera ngamila. Akuti atopa ndi mayiko otentha, tsopano akufuna dziko la moto ndi madzi oundana, ndiye ndinawauza kuti asavutike kufunafuna, kwathu n'komweko.

Munditumizireko nsomba zouma kuti azolowere fungo. Mundiuzenso za kumeneko. Kodi Grímur wa kutsidya kwa mtsinje akadali moyo?

Ndine mlongo wanu,
Ketill


Ystakot
14 Juni

Ketill mlongo wanga,

Kalata yako yafika, ndipo ndinayamba ndaitembenuza kaye kuti ndione ngati siinasochere. Tili moyo, zikomo pofunsa kamodzi pachaka.

Popeza kalata ya mu Epulo unaisunga bwino chotero, ndibwereze. Bambo anaterereka pamadzi oundana pakhomo la khola n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anagona milungu isanu m'chipatala akukalipira anamwino chifukwa cha khofi wamadzimadzi. Pano amayenda ndi ndodo ziwiri, kuchoka pabedi kukafika pawindo. Maso nawo achita ng'ala, moti makalata ndimawawerengera ndine. Pahatchi sadzakweranso.

Lamulo ukulidziwa. Khomo lililonse limene nkhosa zake zimadya kuphiri limapereka munthu mmodzi wokazisaka masiku anayi. Bambo apitako maulendo 49. Ndinawauza kuti chaka chino tilembe ganyu mkamwini wa Grímur. Anamenyetsa ndodo pansi.

"Tsiku limene Ystakot idzatume munthu wobwereka, nkhosa zonse zipite kokaphedwa. Sindidyetsa nkhosa zimene magazi anga sangazilondole."

Ndinati, "Nanga ine si magazi anu?"

Anati, "Iwe ndiwe wa ng'ombe."

Zaka 41 ndili pakhomo pano, ndipo udindo wanga ndi umenewo. Dziwa kuti nkhosa 180 zimenezi zikapita, Ystakot yatha, ine ndikupita kufakitale kukatumbula nsomba mpaka imfa.

Kenako yafika kalata yako. Nditawerenga mawu oti mwana wawo adzakhalapo, Bambo anati ndibwereze. Ndinabwereza katatu. Atatero anaimbira lamya Grímur, amene chaka chino ndiye kapitawo wa kuphiri (inde, akadali moyo), n'kumuuza kuti alembe dzina lako. Lamya yathu ukuidziwa, waya ndi mmodzi chigwa chonse, ikalira nyumba imodzi nyumba khumi zimanyamula. Pofika madzulo ngakhale abusa a tchalitchi anali atamva kuti Ketill Bárðarson akubwerera kwawo.

Atulutsa nsapato zawo zakuphiri ndipo akuzipaka mafuta tsiku ndi tsiku. Amuna adzanyamuka pa 12 Seputembala m'mawa. Chizindikiro cha m'makutu mwa nkhosa zathu sindikukumbutsa, kungakhale kukutukwana.

Alendo ako tidzawalandira. Ndagula buku la alendo latsopano, lakale linadzaza ndi Ajeremani osochera ofunsa njira ya kumathithi. Apongozi ako adzalembamo. Iwe ayi, mwana wa pakhomo salemba m'buku la alendo.

Sindikonda kunena zoterezi, koma ndasangalala, Ketill. Ndinakalirira m'khola, zinaona ndi ng'ombe zokha. Nsomba zili m'njira.

Steinvör


Bremerhaven
1 Julayi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Pepani kwambiri za Bambo. Muwauze kuti apongozi anga akuti masiku ano chiuno si nkhani. Nsomba zinafika bwino, koma Hannelore wazisamutsira kugalaja.

Ndaikamo pulogalamu ya ulendo wathu, a Dokotala aitayipa okha. Ndi masiku asanu ndi anayi. Muli mzinda, muli mathithi, muli kasupe uja amalavula madzi otentha m'mwamba, muli chilichonse. Za nkhosa musade nkhawa, zilimo. Taonani tsiku lachisanu ndi chimodzi, pa 16 Seputembala, nkhosa zitatsika kale n'kufika kukhola lalikulu logawirana. Basi ya alendo imaima pamenepo kuyambira 2 koloko mpaka hafu pasiti 3. Za pa 12 zija ndiona mmene zinthu ziyendere.

Tsopano timapempho ting'onoting'ono. Mayi Brinkmann akufunsa ngati mwala uja wa kuseri kwa khola ukadali ndi tianthu tobisika ta m'nthano tija. Ndinawauza kuti Bambo amaikira tianthuto mkaka m'mawa uliwonse, ndiye chonde mudzaikepo kambale. A Dokotala akufuna kulawa nsomba ya shaki yovunditsa. Thirakitala mudzaiimike kumene siingaoneke, imawononga chithunzi. Inuyo achemwali, ngati diresi lakuda la Amayi la pazikondwerero lija lilipo, mudzalivale ndi kachipewa kake ka mphonje. Chinanso, polankhula tsiku lina ndinanena kuti tili ndi nkhosa chikwi chimodzi. Wina akadzafunsa, musadzawerenge mokweza.

Ndikudziwa kuti ndikukuvutitsani, koma chibale ndi fupa, sichiwola.

Wanu,
Ketill


Ystakot
15 Julayi

Ketill,

Moni ndikukupatsa chifukwa Amayi anatiphunzitsa kutero.

Pulogalamu ndaiwerenga. Ndi yaukhondo, ilibe pofufuta ngakhale pamodzi. Kasupe wapatsidwa maola atatu. Bambo ako apatsidwa ola limodzi ndi theka, ndipo a Dokotala alemba m'mbali kuti nthawi imeneyi ikuphatikizapo kupita kuchimbudzi.

Ndiyankhe timapempho tako. Mwala uja tinauphwanya ndi bomba zaka zisanu zapitazo pomanga nkhokwe ya udzu. Tianthu sitinadandaule, mwina tinasamukira ku Jeremani kukagulitsa makapeti. Shaki akamugule mumzinda, kumene amamusungira anthu a makamera, ife kuno timadya nyama ya nkhosa ndi mbatata monga unatisiyira. Thirakitala ili kumunda, tikumweta udzu dzuwa likangosuzumira, ndipo sindibisa chinthu chimene chimandidyetsa. Diresi la Amayi tinawaika nalo m'manda. Ukanabwera kumaliro ukanaliona, linkawakhala bwino.

Tsopano tamvera. Powawerengera Bambo kalata yako ndinachita chimene sindinachitepo: ndinanama. Za basi ndinadumpha, za kambale ka mkaka ndinadumphanso. Ndinangowerenga moni ndi mawu oti za pa 12 uona.

Iwo anati, "Aona chiyani? Njira akuidziwa."

Dzulo anandituma kukagwira Skjóni, hatchi yawo ija, kuti Grímur aikhomere zitsulo zatsopano kumapazi. Anaima panja ndi ndodo zawo theka la ola akuisisita kumaso, akuiuza kuti isadzakugwetse chifukwa wakhalitsa kunja. Ine ndinathawira m'nyumba.

Ndiye ndikufunsa funso limodzi, uyankhe ndi liwu limodzi. Ukubwera kudzakwera kapena kudzaonerera? Ngati n'kuonerera, uwalembere wekha Bambo, m'zilembo zikuluzikulu. Lamya usaimbe, chigwa chonse chingamve. Unayamba ndiwe kuwagwiritsa fuwa lamoto, ine sindipitiriza m'malo mwako.

Steinvör


(Khadi ya chithunzi cha doko la Bremerhaven)
30 Julayi

Achemwali, moni nonse. Kalata yanu ndalandira, ndidzayankha mofatsa. Pakadali pano tiuzeni msanga, kodi mu Seputembala kumafunika magolovesi? Ine ndaiwala. Ketill


Bremerhaven
18 Ogasiti

Achemwali okondedwa,

Muli bwanji kumeneko, inu anthu amwayi! Taona pa wailesi yakanema. Phiri lathu laphulika! A Dokotala anadzambatuka pampando n'kutayira khofi pakapeti yabwinobwino, koma palibe anadandaula. Utsi mpaka kumwamba, moto ukuyenderera m'mbali. Ndinawauza kuti ine ndinakulira pansi pa phiri limenelo, kuti ndinkaliona pawindo ndikutsuka mano. Hannelore waimbira anzake onse. Ngakhale bwana wanga, amene zaka zisanu ndi zitatu wakhala akuganiza kuti ndine wa ku Finland, lero wandigwira chanza.

Za Seputembala tazisiya. Tasintha matikiti, tifika pa 22 mwezi uno, hotela ndi yomwe ija ili papulogalamu. Kalatayi ichedwa, ndiye mawa nditumiza telegalamu. Ngati kwagwa phulusa musasese lonse, mutisungireko mabotolo asanu ndi limodzi oti tidzapatse anzathu kuno. Ndikungopemphera kuti lisazime tisanafike.

Wanu mwachimwemwe,
Ketill


TELEGALAMU, 19 Ogasiti, yochokera ku Ystakot kupita ku Bremerhaven:
PHULUSA LAGWA PAMSIPU. NKHOSA ZITSIKA MSANGA. AMUNA ANYAMUKA 23 M'MAWA. BWERA. STEINVÖR

TELEGALAMU, 19 Ogasiti, yochokera ku Bremerhaven kupita ku Ystakot:
TIKUFIKA 22. KONZEKANI. KETILL


Ystakot
20 Ogasiti

Ketill mlongo wanga,

Kalatayi ndaitumiza kuhotela kuti ukaipeze pofika. Uyende bwino.

Ndinakulakwira, ndipo ndikuvomera. Ndinkati ndiwe mlendo wa kamera basi. Koma telegalamu yanga itangopita, pasanathe maola atatu yankho lako linali litafika. Sindinkadziwa kuti ungathe kuyankha chinthu msanga chotero. Mawu a diresi la Amayi aja uwaiwale, ndinali nditapsa mtima.

Zinthu sizili bwino kuno. Mphepo inatembenuka Lamlungu madzulo, phulusa lonse linagwera kumsipu wa kuphiri. Udzu wada bii. Ukukumbukira zimene phulusali limachita? Nkhosa ikadya udzu wotere mano amamera mopotoka mpaka imalephera kutafuna, miyendo imafooka, kenako basi. Zaka khumi zapitazo, iwe utangochoka, tinataya makumi anayi. Grímur wati sitingadikire Seputembala, tsiku lililonse zikudya poizoni. Apongozi ako ozula mano abwere ndithu, odwala awapeza ambiri.

Bambo ndinawawerengera telegalamu yako. Anangopempha pensulo. Kapepala kawo ndakaika muno. Analemba okha, mphuno ili papepala, ndipo anakana kuti ndiwathandize.

Basi ya madzulo ya pa 22 imaima pamlatho 7 koloko. Ndidzakudikira pamenepo ndi thirakitala, yosabisa.

Steinvör


Ketill.
Nsapato zakonzeka. Uvale masokosi awiri.
Skjóni amaluma kumanzere.
Powoloka mtsinje usayang'ane madzi, uyang'ane tsidya.
Nkhosa yaikazi yakuda ya nyanga imodzi imabisala kuphompho la kum'mawa. Usaisiye.
Chifunga chikagwa, uisiye hatchi isankhe njira.
Ndinkadziwa kuti ubwera.
Bambo ako, Bárður


Reykjavík
24 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Tafika bwino, ndipo ndikhulupirira nanu muli bwino. Ndinaimba lamya dzulo madzulo, anayankha mkazi wa Grímur n'kunena kuti inu muli kuphiri. Ndinaseka. Nthabwala za kumudzi sizitha.

Kalata yanu ndi ya Bambo ndinazipeza pahotela, ndipo zinandikhudza kwambiri. Koma pali kusamvana pang'ono. Telegalamu yanu inafika ine nditatumiza kale yanga, ndiye yangayo sinali yankho kwenikweni. Ndinafunadi kukwera basi ija. Mvetsani mbali yanga. Pa 23 m'kandege koulukira pamwamba pa phiri munatsala mipando inayi yokha, ndipo akatswiri akuti moto wayamba kuchepa. A Dokotala anali atagula mafilimu khumi ndi awiri. Ndikanawauza chiyani? Nkhosa zimatsika chaka chilichonse, achemwali, koma phiri limaphulika kamodzi pa zaka khumi.

Komabe mungadabwe kumva kuti ndinali nawo! Pobwerera tinaona pansi mzere wautali wa nkhosa, zoyera paphulusa lakuda, ndi anthu pamahatchi kumbuyo kwake. Ndinapempha woyendetsa ndege kuti atsike pang'ono, ndipo anatsika kawiri. Nkhosa zinabalalika mbali zonse ngati mpunga wotayika pansi. Hannelore analira ndi kukongola kwake. Munthu wina pansipo ankatibayibitsa ndi manja onse awiri, ife tinamubayibitsanso. Anthu a kwathu ndi ansangala, ndinawauza choncho apongozi.

Ndamva kuti kugawana nkhosa kuli pa 27. Tidzafika pabasi 2 koloko. Muwauze Bambo kuti ndidzakoka nawo nkhosa ndi manja angawa.

Wanu,
Ketill


Bremerhaven
3 Seputembala

Achemwali,

Tinabwerera bwino. Ndikulemba ndi mtima wosweka, ndipo ndikufuna mundifotokozere.

Mwina simunaone zonse, chifukwa munali kalikiliki, ndiye ndikuuzeni mmene zinandionekera. Ndinatsika m'basi nditavala jekete langa latsopano lachikasu. Ndinalumpha mpanda n'kulowa pakati pa nkhosa kuti apongozi aone kuti ndine mwana wa kumeneko. Inu munali poteropo, nkhope ili bii ndi phulusa, mutavala nsapato za Bambo, koma ngakhale moni osandipatsa. Ndinagwira nkhosa yaikulu panyanga, ndinaiika pakati pa miyendo monga timachitira, n'kuikokera kuchitseko cha khola la Ystakot, pamene Bambo anakhala pampando.

Ndinati, "Bambo, ndine Ketill. Ndakubweretserani yoyamba."

Bambo anatambasula dzanja n'kupapasa makutu a nkhosayo. "Ya Grímur iyi."

Anthu anaseka. Ndinati palibe kanthu, ndinabwerera n'kukoka ina. Imeneyo inandipondanso phazi.

Bambo anaipapasa. "Ya abusa a tchalitchi iyi. Ukuba za Mulungu tsopano?"

Kenako anati, "Tawerama." Ine ndinayesa akufuna kundikumbatira, ndipo kunena zoona misozi inali italengeza. Anandigwira khutu lamanja n'kulipapasa kuyambira kunsonga mpaka pansi. Anagwiranso lamanzere. Atatha anakweza mawu kuti chigwa chonse chimve: "Grímur! Pali ina yopanda chizindikiro apa. Ipite kukhola la zosadziwika mwini."

Achemwali, anthu anagwira mpanda ndi kuseka. Mkazi wa Grímur anachita kukhala pansi. A Dokotala anandifunsa kuti Bambo anena chiyani, ndipo ndinawauza kuti ndi mwambo wathu wakale wodalitsira mwana wochokera kutali. Anajambula. Kenako nawonso anavula chipewa n'kuwerama kuti adalitsidwe, ndipo Bambo anawagwiradi makutu onse awiri. Chithunzi anandijambula chija achikulitsa, chili pakhoma m'chipinda chawo chochezera, ndipo ndizichiona Lamlungu lililonse mpaka kufa.

Ndinayenda ulendo wautali, ndinasintha matikiti, ndinang'amba jekete. Kodi n'zimene munthu amalandira kwawo? Ndiponso ndiuzeni zoona, kodi chizindikiro chathu munasintha osandiuza? Mabotolo a phulusa aja sitinawaone.

Ketill


Ystakot
15 Seputembala

Ketill,

Tili moyo. Bambo akudya bwino, ng'ombe zikupereka moni.

Wapempha kuti ndikufotokozere, ndiye tchera khutu lako lopanda chizindikirolo.

Pa 22 ndinaima pamlatho ndi thirakitala. Basi inafika, m'menemo munangotsika mayi mmodzi ndi thumba la shuga. Ndinabwerera kunyumba, ndinatenga makalata ako onse n'kuwawerengera Bambo osadumpha liwu. Basi ya 2 koloko, kambale ka mkaka, nkhosa chikwi chimodzi, zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anangofunsa kuti, "Nthawi ya kuchimbudzi alembanso?" Ndinati inde.

M'mawa mwake anati ndiimbire Grímur, ndimuuze kuti Ystakot ilibe munthu, ndipo nkhosa zathu zikatsika zipite kokaphedwa. Lamya sindinaigwire. Ndinakhala pansi pamaso pawo n'kuvala nsapato zawo zija. Masokosi awiri anachepa, ndinavala atatu.

Ndinati, "Mkazi wa Grímur azidzakama ndi kukudzutsani. Ine ndapita."

Anati, "Iwe ndiwe wa ng'ombe."

Ndinati, "Ng'ombe zandipatsa tchuthi."

Skjóni amalumadi kumanzere, chipsera ndili nacho. Masiku anayi tinadya phulusa, kupuma phulusa, kutsokomola phulusa. Munthu wansangala uja ankakubayibitsani ndi manja awiri ndinali ine. Mawu amene ndinkanena sangalembedwe m'kalata yodutsa papositi. Nkhosa zimene tinasonkhanitsa kuyambira m'mawa, kandege kanu kanazimwaza mphindi ziwiri, ndipo tinatha maola asanu ndi limodzi tikuzitolanso m'maphompho. Ndasangalala kumva kuti mlamu wanga analira. Ifenso tinatsala pang'ono.

Yakuda ya nyanga imodzi ndinaipeza kumene Bambo ananena. Tataya zisanu ndi zinayi. Zina mano tiona pofika chilimwe.

Chizindikiro sichinasinthe chiyambire agogo. Khutu lamanja lodula nsonga, lamanzere long'amba pawiri. Unkachidziwa usanadziwe kulemba dzina lako. Chimene chasintha ndi mwini wake. Basi yanu itachoka, Bambo anaitana Grímur n'kumuuza kuti m'buku la zizindikiro afufute dzina lawo, alembe langa. Nkhosa sizikuphedwa. Zikomo sanandiuze, usaganize kuti phulusa lawafewetsa. Anangoti, "Nsapatozo uzizipaka mafuta, zingang'ambike chaka chamawa." Zaka 41 ndili nawo pakhomo, ndipo linachita kuphulika phiri kuti aone kuti m'nyumba muli mwana. Sindikudziwa kuti ndithokoze ndani, iwe kapena phirilo.

Ndimayesa ndisangalala kukuona ukusekedwa, koma sindinasangalale. Bambo nawo sanaseke. Titafika kunyumba, pensulo ija anaitaya mumbaula.

Phulusa ndakutumizira botolo limodzi. Ndi lenileni, ndinalikokolola pamsana pa imodzi mwa zisanu ndi zinayi zija. Mugawane.

Chomaliza ndi cha Bambo. Buku la alendo lija ndinapita nalo kukhola, popeza pulogalamu sinkalola kuti mufike kunyumba. Apongozi ako ndi Hannelore analembamo ali chiimire, mayi Brinkmann anajambulamonso kaduwa. Dzulo Bambo anati ndiwawerengere maina. Ndinawerenga atatu.

Anati, "M'basi munatsika anayi."

Ndiye ndang'amba tsamba limodzi, ndaliika muno. Ulembe dzina lako, tsiku, ndi dziko lochokera, kenako ulibweze kuti ndilimate. Akuti ngati ungakonde, uwonjezere mawu awiri a mmene unalionera dziko lathu.

Steinvör Bárðardóttir
wa ku Ystakot